GOGODERA YA KU LINTHIPE NDI MSIKA WA MFUTI ZOTSALA PA NKHONDO

 Madzulo ano ndikupemphani kuti tikwere limodzi kumapiri a Dedza, kumene mphepo ya mwezi wa June imaloŵa mpaka m'mafupa, kuti tikaone chinthu china chimene chikali gone m'nyumba zina za kumeneko, pena kudenga, pena kuseri kwa mitsuko. Chinthucho ndi mfuti yakale ija makolo athu ankaitcha gogodera.

Zaka zingapo zapitazo ndinakacheza kwa mkulu wina cha ku Linthipe. Titatha kudya, mkuluyo analoŵa m'nyumba natuluka ndi chinthu chachitali chokulunga m'chiguduli. Atamasula, ndinaona mfuti yadzimbiri, mtengo wake utafumbwa, pakati atamangapo ndi waya wamkuwa pamene panang'aluka. Anati inali ya amalume awo a amalume awo, ndipo kuti mwini wakeyo anaigula ndi mnyanga wa njovu. Tsono anandiuza chimene chinali kuwasoŵetsa tulo. Kunabwera munthu wa galimoto, wogula zinthu zakale, amene anatchula ndalama zokwanira kugulira feteleza wa munda wonse. "Mwana wanga," anatero mkuluyo, "inu mwayenda. Kodi chitsulo chakufa ngati ichi, munthu achifunirenji? Ndigulitse kodi?"

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu. Koma tisanaliyankhe, tiyenera kuyamba taifunsa mfutiyo kumene inachokera, pakuti mfuti yakale imalankhula kwa munthu wodziŵa kuŵerenga zizindikiro zake.

Nditapukuta kachitsulo ka m'mbali, pafupi ndi pokhethemulira, ndinaona chithunzi cha chisoti chachifumu, pansi pake malembo aŵiri akuti VR, ndi liu lakuti TOWER. Malembo aŵiriwo akuimira Mfumukazi Victoria, imene inalamulira Britain kuyambira 1837 mpaka 1901. Mfuti zakale koposa pamenepa zimakhala ndi malembo akuti GR, a mafumu otchedwa George. TOWER ndi linga lija la mu London m'mene boma la Angerezi linkasungira zida zake. Pa mfuti zina mupezanso kachizindikiro konga mutu wa muvi, kosonyeza kuti ndi katundu wa boma. Ndipo pamene mitu ya mivi iŵiri yayang'anizana, ndiye kuti boma linaitulutsa m'gulu la nkhondo n'kuigulitsa. Ndichenjeze pano kuti si mfuti iriyonse yolembedwa TOWER imene inagwidwapo ndi msilikali. Amisiri a ku Birmingham ndi ku Liège, mzinda wa ku Belgium, ankapanga mfuti zotsika mtengo zogulitsa ku Africa, ndipo ena mwa iwo ankadindapo liu lomwelo podziŵa kuti ogula amalikhulupirira. Kubera dzina la katundu wabwino sikunayambe lero ai.

Kodi mfuti ya msilikali wa ku England inafika bwanji ku Linthipe? Yankho lake ndi ili: nkhondo ikatha, kapena gulu la nkhondo likapeza mfuti yatsopano, zakale zija sizitayidwa m'nyanja. Zimafuna msika. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, nkhokwe za maboma a ku Ulaya zinali zodzaza ndi mfuti zoyatsira ndi mwala, zosoŵa ntchito. Patapita zaka, kunabwera mfuti zoyatsira ndi kachitsulo kakang'ono kamene amalonda a kugombe ankakatcha fataki, ndipo zamwala zija zinatsika mtengo. Angerezi anatenga mfuti ya Enfield mu 1853. Mu 1866 anaisintha kuti chipolopolo chiziloŵera kumbuyo, naitcha Snider. Mu 1871 anatenga Martini-Henry. Mu 1888 Lee-Metford. Mu 1895 Lee-Enfield. Taonani kufulumira kwake! Pa kusintha kulikonse, mfuti zikwizikwi zinkasanduka zotsala, ndipo amalonda ankazikweza m'zombo kupita nazo ku Zanzibar, ku Kilwa, ku Mozambique ndi ku Quelimane.

Kuchokera kugombe, mfuti ndi timigolo ta wonga zinkayenda pamutu pa anthu, pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. Njira ina inkadzera kum'maŵa, m'manja mwa Ayao ndi Aswahili, kudutsa kwa Makanjira ndi kwa Mponda, kapena kuoloka nyanja pa zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota. Njira ina inkakwera kuchokera ku Zambezi, kwa Apwitikizi a ku Tete ndi alenje awo a njovu, Achikunda. Mapiri a Dedza ali pakati pa njira ziŵirizi. Ndipo tisabise mau: mtengo wa katundu ameneyu unali minyanga ndi anthu. Mfuti inkapha njovu ndi kugwira akapolo, akapolo ndi minyanga zinkagula wonga wina, wongawo n'kukagwiranso anthu ena. Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo aka kanameta ndi khungu lomwe.

Tiyeni tikumbuke m'mene dziko la Dedza linaliri masiku amenewo. Eni nthaka, Acheŵa, anali alimi ndi osula zitsulo, zida zawo uta ndi mivi. Cha m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko anakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, limene lero lili mbali ya Mozambique, ndipo chaka ndi chaka magulu awo ankatuluka kukathira nkhondo midzi yozungulira. Nthaŵi yomweyo mafumu a Chiyao, monga Tambala, anamanga midzi yawo m'mapiri oyang'ana kunyanja. Acheŵa ambiri anathaŵira m'mapiri ndi m'mapanga, ena anamanga malinga, ena anagonja. Mapanga a ku Chongoni, amene zithunzi zake zapamwala zinalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ali m'dziko lomweli la anthu odziŵa kubisala.

Chodabwitsa n'chakuti Angoni, ngakhale anali oopsa koposa onse, sanadalire mfuti. Mphamvu yawo inali chishango, nthungo ndi chibonga, ndi kuthamangira mdani onse pamodzi. Ndipo sanali opusa. Gogodera imafuna nthaŵi: uthire wonga kukamwa kwake, uikemo chipolopolo, utsindire ndi chitsulo chachitali, ukonze poyatsira, ndiye uombe. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankaomba katatu pa mphindi imodzi. Munthu wamba, manja akunjenjemera, sakanafikapo. Chipolopolo chake sichinkalunjika patali, ndipo wonga ukanyowa ndi nkhungu ya m'mapiri muno, mfuti inkasanduka ndodo chabe. Mngoni wodziŵa nkhondo ankadikira kuti mfuti ilire, kenaka n'kulumpha mwini wake asanathire wonga wina. Koma kuseri kwa linga kapena pamwamba pa phiri lamiyala, pamene mdani sangakufike msanga, gogodera inali mfumu. N'chifukwa chake mafumu a mfuti ankakonda mapiri. Ndipo Chikuse atamwalira mu 1891, pamene Angoni anagaŵikana pakati pa Gomani ndi Kachindamoto, mbali zonse ziŵiri zinafuna chithandizo cha Ayao okhala ndi mfuti. Nthungo yokha inali itayamba kuchepa.

Pali ubwino wina wa gogodera umene anthu a lero sauganizira, ndipo ndi umene unaipatsa moyo wautali m'midzi yathu. Inali mfuti yosanyada. Ikathyoka, wosula wa m'mudzi ankaikonza pa chipala chake. Mtovu ukasoŵa, mlenje ankadula tizitsulo kapena kutola timiyala. Chofunika kugula chinali wonga basi. Mfuti zatsopano zija, zothira kumbuyo, zinali zina: iriyonse inkafuna chipolopolo chakechake, chopangidwa m'fakitale ya kutali, chokwanira bwino m'mimba mwake. Chipolopolo cha Snider sichiloŵa mu Lee-Enfield. Tsono apa ndi pamene pagona chinsinsi cha malonda onseŵa, kale ndi lero lomwe: mwini mfuti weniweni ndi amene akusunga zipolopolo.

Maiko a ku Ulaya anachidziŵa chinsinsi chimenechi. Pa msonkhano wa ku Brussels mu 1890, umene unaitanidwa m'dzina la kuthetsa ukapolo, anapangana kuti m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo dziko lathu lino, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono ndi zipolopolo zake. Zololedwa zikhale zamwala zokha ndi wonga wamba. Sindikana kuti panali ena ofunadi kuthetsa malonda a anthu. Koma taonani m'mene panganolo linagwirira ntchito. Chaka chotsatira, mu 1891, Harry Johnston anayamba boma la atsamunda kuno, nabwera ndi asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, onyamula mfuti zothira kumbuyo, pamodzi ndi mizinga. Mbali imodzi inali ndi zotsala za dzana, inayo zotsala za dzulo. Pakuti ngakhale mfuti za asilikali a Johnston zinali zimene gulu la nkhondo la kwawo linali litazisiya kale. Koma kusiyana kwa dzulo ndi dzana kunakwanira. Kumayambiriro kwa 1896 mudzi wa Tambala wa paphiri unagwa. Mu October chaka chomwecho Gomani anagwidwa naphedwa. Mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwanso kufupi ndi kumene lero kuli Chipata.

Chaka chomwecho cha 1896, pa 1 March, ku Adwa m'dziko la Ethiopia kunachitika zosiyana. Mfumu Menelik inali itakhala zaka zambiri ikugula mfuti zamakono ndi zipolopolo kwa amalonda a ku Ulaya, ndipo tsiku limenelo inagonjetsa gulu la nkhondo la Italy. Kulimba mtima kunalipo kuno ndi uko komwe. Chimene chinasiyana ndi khomo la kumsika: kwa Menelik linali lotsegula, kwa Gomani ndi Tambala linali litatsekedwa. John Chilembwe nayenso anagunda pa khomo lomweli. Usiku wa pa 23 January 1915 anatuma anthu ake ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti ndi zipolopolo, koma anabwerako ndi zochepa, ndipo kuukirako kunatha m'masiku oŵerengeka.

Zitatero, mfuti yamakono inafika m'manja mwa ana a dziko lino mwa njira imodzi yokha, ndiyo usilikali. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902. Anyamata a kuno anasenza Lee-Enfield, ija ya zipolopolo khumi, pa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani kuyambira pa Karonga mu 1914, ndiponso pa nkhondo yachiŵiri ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Pobwerera kumudzi ankabwera ndi jasi, mendulo ndi nthano, koma mfuti inkatsala m'nkhokwe ya boma. Kumudzi kunatsala gogodera, ikulondera nguluwe ndi anyani m'munda, mpaka dzimbiri linaigonjetsa. Ina ndinaiona ndekha itachotsedwa mtengo, mpope wake ukugwira ntchito kwa amai otcheza kachasu.

Omvera, mukadakhala kuti nkhaniyi inathera pamenepa, bwenzi ili nthano yokoma ya pamoto. Koma mtsinje wa zotsala unasefukiranso, ndipo ambiri a inu munauona ndi maso. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Aliyense woyenda pa mseu wa Lilongwe kupita ku Blantyre adziŵa kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu mseuwo ndiwo malire: dzanja ili Malaŵi, dzanja ilo Mozambique. Kuyambira cha mu 1986 abale athu a ku Angonia anaoloka mseu umenewu miyandamiyanda, ndipo panthaŵi ina dziko lathu linasunga othaŵa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Anthu ameneŵa anabwera ndi ana kumsana ndi mitolo pamutu, ndipo tinagaŵana nawo nsima ndi minda. Mlandu wa mfuti suli pa iwo. Koma nkhondo itatha, zida zimene maiko akuluakulu anathira m'dziko lija zinatsala m'tchire ndi m'maenje, ndipo zina zinapeza njira yoolokera malire. Mfuti yake inali AK-47, yopangidwa koyamba ku Soviet Union, ya zipolopolo makumi atatu, yosaopa fumbi kapena mvula. Zaka za m'ma 1990 anthu a m'malire anaphunzira kugona khutu lili kukhola, poopa akuba ng'ombe ndi achifwamba onyamula mfuti imeneyi.

Anzathu a ku Mozambique anachitapo kanthu koyenera kukumbukira. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfuti zolandiridwazo ankazidula, ndipo amisiri anaumba nazo zinthu zoonetsa. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezi uli ku British Museum mu London, mzinda womwe uja wa liu la TOWER. Ulendo wa chitsulo ndi wozungulira ndithu.

Tsono tibwerere kwa munthu wa galimoto uja. Iye akufunanji? Kutsidya kwa nyanja, makamaka ku America, kuli anthu ambiri amene amasonkhanitsa mfuti zakale za asilikali monga ena amasonkhanitsira masitampa. Amaŵerenga zizindikiro zija ndinatchula, kufufuza fakitale, chaka ndi gulu la nkhondo limene linaigwiritsa ntchito, ndipo mfuti imene manambala a ziwalo zake zonse akufanana imakwera mtengo. Ambiri a iwo si anthu oipa. Ndi okonda mbiri. Msika wawo umayenda ndi malamulo. Mu 1968 dziko la America linatseka khomo kwa mfuti zotsala za asilikali zochokera kunja, mu 1984 linatsegulanso kwa zimene zimaŵerengedwa kuti ndi zakale, ndipo mu 2021 linaletsa zilolezo zatsopano zoitanitsira zipolopolo za ku Russia, zimene ambiri ankadalira chifukwa chotsika mtengo. Nawonso akudziŵa kulira kwa mwini mfuti wopanda chipolopolo.

Popeza nkhokwe za ku Ulaya zinaphwa, amalonda anayamba kulondola mapazi a mfuti zija kumene zinapita. Mu 2003 anagula mfuti zakale zoposa 50,000 zimene zinali zitaunjikidwa m'nyumba ina yachifumu ku Kathmandu, m'dziko la Nepal. M'zaka za posachedwapa agulanso zambiri m'nkhokwe za ku Ethiopia, zina za nthaŵi ya Menelik yemwe uja. Zimene zinabwera ku Africa ngati zotsala zikubwerera ngati chuma. Dziko lathu lilibe nkhokwe zotere, ndipo kunena zoona gogodera yofumbwa siingalemeretse munthu pa msika umenewo. Komabe ogula zakale amayenda m'midzi, ndipo chimene atola pa mtengo wa feteleza sichibweranso.

Maganizo anga ndi aŵa, ndipo ndikudziŵa kuti ena satsagana nane. Mfuti ziŵirizi, gogodera ndi AK-47, ndi ana a mai mmodzi, koma tisazisunge mofanana. AK-47, kapena mfuti iriyonse yankhondo ndi zipolopolo zake, ilibe malo m'nyumba ya munthu. Mukaipeza m'munda kapena m'phanga, musaikhudze. Uzani mfumu ndi apolisi. Lamulo la dziko lino silola munthu kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo amene ali ndi gogodera achite bwino kufunsa ku polisi za m'mene angaisungire mosalakwira lamulo. Muichenjere nayonso: gogodera ikhoza kukhala ndi wonga m'mimba zaka makumi ambiri mwini wake osadziŵa, ndipo mpope wadzimbiri umaphulikira m'manja mwa woomba. Isayandikire moto, ana asaseŵere nayo, ndipo wina asayese kuiomba pa maliro kapena pa chikondwerero.

Koma kuigulitsa kwa wodutsa, ine ndikuti ai. Chifukwa choyamba n'chakuti pali lamulo loteteza zinthu zakale, loletsa kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Chachiŵiri n'chachikulu. Mbiri ya nkhondo za m'mapiri a Dedza inalembedwa kwambiri ndi amene anapambana, atsamunda ndi amishoni. Mbali yathu inatsala m'kamwa mwa okalamba ndi m'zinthu zoŵerengeka ngati izi. Wosonkhanitsa wa kutali adzaŵerenga VR ndi TOWER, n'kudziŵa za Birmingham. Koma waya wamkuwa uja sadzadziŵa amene anaumanga, kapena phiri limene mwini mfutiyo anabisalapo, kapena ngati anali wogwira anzake kapena wodziteteza. Inde, mwina nkhani yake ndi yochititsa manyazi, isungidwe ndithu. Tili ndi malo oyenera: nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, ndi ya Chamare ku Mua, m'boma lomweli la Dedza, imene imafotokoza miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao, mitundu itatu yomwe ija inakumana m'mapiri ano.

Mkulu wa ku Linthipe uja sindinamuuze zonsezi tsiku lija, pakuti dzuŵa linali litapendeka. Ndinangopempha kope la mdzukulu wawo ndi pensulo. Iwo anatchula dzina la mwini mfuti woyamba, mfunda wake, mudzi umene anachokera, ndi maina a onse amene anaisungapo kufikira iwo. Anali anthu anayi. Anakumbukiranso kuti mtengo wake unang'aluka tsiku limene mwini wake anagwa nayo pa thanthwe akuthaŵa Angoni, mwana ali kumsana kwa mkazi wake, ndi kuti mwanayo ndiye anadzabala amai awo. Mdzukulu analemba zonse, masamba aŵiri. Mkuluyo anapinda pepalalo, nalimangirira pa mfuti ndi luzi, nakulunganso chiguduli chake. Za feteleza anati akambirana ndi alongo awo, popeza mfutiyo ndi ya mbumba yonse.